Makaseti a m'bokosi la mkungudza

Kiyi wa chipinda chija anandipeza nditapuma kale pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo sindinachite kumupempha. Anabwera naye ndi mkazi wa malemu ahedi athu akale, atamumanga pansonga ya chitenje, patangopita sabata ziwiri chiikireni amuna awo m'manda. Anakhala pansi pakhonde panga, nakana mpando, nakananso tiyi.

"Madamu," anatero, "anzanu aja anasiya mawu. Akuti katundu wawo uja muzimuona ndinu. Ana onse ali kutauni, ndipo ine zamapepalazi sindizitsata."

Ndikanatha kukana. Mawondo anali atayamba kale kundivuta, ndipo ndinali nditadziuza kuti ndikapuma ndizingolima nandolo wanga ndi kugona masana. Koma namfedwa akakutambasulira dzanja umayamba walandira, kuganiza kumabwera pambuyo. Ndinalandira ndi manja awiri.

Chipindacho chili kuseri kwa holo ya mpingo wathu ku Chonde, pang'ono chabe kuchoka pamsewu wa tala. Kale munkasungidwa mabenchi othyoka. Ahedi anachipempha kwa akuluampingo akadali pa ntchito, ndipo anthu anachitcha kuti kwa zakale. Munali madengu a makedzana othyolera tiyi, belu limene kapitawo wina ankaitanira anthu ku thangata, ng'oma ziwiri za tchopa zong'ambika zikopa, ndi zitupa za msonkho zofiirira ngati fodya wouma. Mabuku anadzaza mashelefu atatu, ena opanda chikuto. Pakona panali bokosi la mkungudza, thabwa la m'phiri mwathu momwemu, lonunkhira mpaka lero. Ahedi ankati njenjete ndi chiswe zimaopa fungo limenelo, choncho m'menemo ndi m'mene anaikamo zimene ankazikonda koposa, makaseti awo.

Kwa zaka zambiri, pafupifupi Loweruka lililonse, bamboyo ankakwera njinga atamangirira kawayilesi kojambula mawu, kupita kumidzi ya ku Milonde, ya kuseri kwa Nkando, mpaka kufupi ndi malire. Ankafunafuna nkhalamba zimene zinabadwira ku Mozambiki n'kuwoloka ndi miyendo yawo, kuti zifotokoze m'mene zinabwerera kuno. Ambiri ankalankhula Chilomwe chokhachokha. Kaseti iliyonse inali ndi nambala, ndipo m'kope lalikulu la chikuto chakuda ahedi analemba dzina la wolankhula, mudzi wake ndi nambalayo. Zimene anthuwo ananena sanazilembe. Ankati adzalemba akadzapuma. Atapuma anayamba kudwala shuga, maso anachita khungu, ndipo sanalembe ngakhale tsamba limodzi.

Ndinkatsegula Lachiwiri ndi Lachisanu. Anthu akamva kuti ndimasunga mbiri amaganiza kuti ndimakhala pampando n'kumawerenga. Ntchito yake ndi ya tsache ndi chisanza, ndi kusunthasuntha beseni pamene lata likudontha. Mvula yowaza ya chiperoni ikagwa masiku atatu, mabuku amatupa n'kuyamba kununkha chuku, ndiye dzuwa likangotuluka umayenera kuwatulutsa onse, kuwayanika pamkeka, n'kukhala pompo kuingitsa mbuzi. Chiswe ndinkachithira oyilo wakutha wopempha kugalaja. Chinkasowa mwezi umodzi n'kutulukira khoma lina.

Ana asukulu ankabwera aphunzitsi awo akapita kumsonkhano, ndipo chimene ankachikonda ndi kuimba belu lija mpaka mutu kundiwawa. Kawiri konse kunabwera anthu a galimoto zazikulu ochokera kutauni. Anandijambula nditaima pambali pa ng'oma, n'kunena kuti zinthu zimenezi n'zofunika kwambiri, abweranso ndi makina osamutsira mawu a m'makaseti kuti alowe m'kompyuta. Ndinawalembera nambala yanga ya foni pakapepala. Sindikuwanena, mwina nawonso kumene amagwirako kukudontha.

Mlendo wanga wokhazikika anali mmodzi, bambo wachikulire mwini golosale ya kutsidya kwa msewu. Ndi Msilamu, ndipo anapereka kwa ahedi makalata a malemu bambo awo, olembedwa m'Chiyao koma ndi zilembo za Chiarabu. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankadzera kwathu, kuvula nsapato pakhomo ngakhale ndinkawaletsa, n'kupempha kuona makalata awo. Ankawatembenuza pang'onopang'ono, kuwabwezera mu envelopu, kenaka tinkadandaulirana matenda, iwo msana ine mawondo.

Makaseti aja sindinkawamvera. Wayilesi ya ahedi inali itafa, koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Chilomwe changa n'chatheka. Makolo anga ankachilankhula okhaokha, makamaka akafuna kuti ife ana tisamve. Kusukulu mwana akaiwala n'kutulutsa mawu akunyumba ankasekedwa kuti Mnguru wodya njoka, choncho bambo anga analamula kuti ife tizilankhula Chichewa basi. Ndinakula ndikumva, koma lilime likukana. Ndinkachita manyazi kutsegula bokosi lodzaza chilankhulo cha mayi anga n'kupezeka kuti ndine mlendo.

Lachiwiri lina, m'nyengo yokolola nandolo, ndinamva odi pakhomo ndili mkati mosesa. Anali mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, zala zake zakuda ndi zokhakhala monga zimakhalira za anthu amene athyola tiyi moyo wawo wonse. Anati achokera ku Milonde, ndipo analawira m'mamawa.

"Ndamva kuti ndinu mukusunga za ahedi aja," anatero atakhala pabenchi. "Anawajambula mawu bambo anga kalekale, ine ndisanakwatiwe. Tsiku lake ndimalikumbukira, anabwera panjinga, amayi anawaphikira kalongonda. Kaya mawuwo akadalipo?"

Ananditchulira dzina la bambo awo ndi mudzi. Ndinayendetsa chala m'kope lija masamba angapo mpaka ndinalipeza. Kaseti yake inalimo m'bokosi, nambala itazilala koma ikuwerengeka. Nditawapatsa anaigwira ndi manja awiri, n'kuiyang'ana mbali zonse.

"Ndiye bambo ali m'kati umu?"

"Mawu awo, mayi. Ngati tepi sinawonongeke."

Anafotokoza kuti mchimwene wawo, amene amayendetsa lole ku Blantyre, wakwanitsa tsopano kugula simenti yomangira chiliza pamanda a bambo awo, patapita zaka zonsezi. Mwambo unali mwezi wotsatira. Ankafuna kuti tsiku limenelo adzukulu amve mawu a agogo awo, poti palibe ngakhale chithunzi chawo.

Ndinawauza kuti abwerenso Lachiwiri linalo. M'mawa mwake ndinakulunga wayilesi ija m'chitenje n'kukwera minibasi kupita ku Nkando, kwa bambo wina wokonza mafoni ndi mawayilesi pafupi ndi msika. Ataimasula anaseka.

"Amayi, zinthu izi zikadalipo padziko pano?"

Lamba wam'kati anali atasungunuka ngati phula. Bamboyo anadula kachingwe kopyapyala pachubu chakutha cha njinga, n'kukakoleka m'malo mwake. Wayilesi inayamba kuzungulira, mochedwerako pang'ono, koma inkazungulira.

Lachiwiri mayi aja anandipeza ndisanatsegule n'komwe. Tinakhala pabenchi limodzi, wayilesi pakati pathu. Poyamba kunamveka phokoso ngati mvula ya pamalata. Kenaka tambala analira, mawu a ahedi anatchula dzina la mudzi, ndipo mwamuna wina anakhosomola n'kuyamba kulankhula, mawu otsika, osafulumira. Mayiwo anagwira pakamwa. Misozi inangotsika yokha, osalira mokweza. Chapatali pa tepipo pankamveka musi ukugunda mumtondo.

"Awo ndi amayi," ananong'ona. "Akusinja. Kusinja kwawo kunali komweko."

Patapita kanthawi anandigwira bondo. "Akuti chiyani, madamu? Ine Chilomwe sindimva. Amayi anali Amang'anja, pakhomo pathu bambo analibe wolankhula naye."

Ndinayamba kumasulira, kuimitsa tepi, kubweza m'mbuyo, kumveranso. Mawu ena ankandidutsa, koma mutu wa nkhani ndinkaugwira. Bamboyo anati anabadwira kuseri kwa phiri lina kutsidyako, pafupi ndi mtsinje. Apwitikizi ankakakamiza anthu kulima thonje, ndipo amuna ankagwidwa kukakumba misewu popanda malipiro. Amene wachedwa ankamenyedwa m'manja ndi chithabwa chobooka mpaka manja kutupa. Iye anathawa ndi anzake awiri, anayenda m'tchire masiku ambiri akudya zikhawo za chinangwa cha eni ake, mpaka anawoloka mtsinje wa m'malire. Ku esiteti ya tiyi kalaliki analephera kulemba dzina lake, ndiye anangomupatsa lina, ndipo limenelo ndi limene ana ake amalidziwa. Dzina lake lakalelo analitchula pa tepipo.

"Ndiye dzina lathuli si lathu?" mayiwo anafunsa, akumwetulira m'misozi momwemo.

Ndinatsegulanso wayilesi. Ahedi anafunsa funso lalifupi: kwanuko munasiyako ndani? Musi unapitiriza kugunda. Kenaka bamboyo anayankha, ndipo Chilomwe chake apa chinali chosavuta, cha mawu amene ngakhale mwana amawadziwa. Anati anasiya mkazi ndi ana awiri, wamkazi atayamba kuyenda, wamwamuna akadali kumsana. Anamuuza mkaziyo kuti adikire kukolola kumodzi, adzabwera kudzawatenga. Sanabwerere. Poyamba ankaopa Apwitikizi, kenaka anakwatira kuno ndipo ankachita manyazi, kenaka kutsidyako kunabuka nkhondo. Anati, "Amene akusinjayu sadziwa. Anawa sadziwa. Ndikukuuzani inu chifukwa muno mulibe wina akumva."

Ndinazimitsa wayilesi.

"Akuti chiyani apo?"

"Apa tepi yawonongeka, mayi. Sizikumveka bwino."

"Koma ine mawu ndikuwamva bwinobwino."

"Ndi Chilomwe chakuya, cha akuluakulu. Changa sichifika pamenepo."

Sanandikakamize. Tinagwirizana kuti sabata ya mwambo adzatenge kaseti ndi wayilesi yomwe, adzabweza mwambo ukatha. Anandithokoza mpaka kugwada, ine n'kumayang'ana kumbali.

Zaka zonse za uphunzitsi ndinakwapula ana ambiri chifukwa cha bodza. Sabata imeneyo bodza langalo silinandichoke m'mutu. Lachisanu bambo a golosale atamaliza kuona makalata awo anandifunsa ngati mawondo afika poipa, poti nkhope yanga sinali bwino. Ndinawafotokozera zonse, osatchula dzina la munthu.

"Kumwamboko kudzakhala nkhalamba?" anafunsa.

"Zidzakhalako."

"Zakumva Chilomwe?"

Zimenezo sindinaziganizire. Kaseti ikadzalira pamanda paja, anthu khumi kapena kuposa adzamva zonse, eni ake okha ndi amene adzakhale mumdima pakati pa gulu.

"Madamu, mawuwo si anu," anatero bambowo. "Inu mwangosungitsidwa. Makalata awa mukuwaona, ine ndimatha kuwawerenga. Mu imodzi bambo anga akudandaula kwa mbale wawo kuti mwana wawo woyamba ndi waulesi, sangathe kusunga sitolo ngakhale mwezi umodzi. Mwana ameneyo ndine. Ndinaiwerenga ndili ndi imvi kale, ndipo inandiwawa ngati andimenya dzulo. Koma ndinaibweretsa pamodzi ndi enawo. Ndikanaichotsa, otsalawo akanakhala a munthu wina, osati bambo anga."

Anavala nsapato zawo pakhomo, n'kutembenuka. "Koma kawauzeni kwawo, osati muno. Nkhani ngati imeneyo munthu aimvere pakhomo pake."

Lolemba ndinapita ku Milonde. Ndinatsika minibasi pamsika, n'kukwera kabaza wanjinga yamoto, msewu wake wamabampu mpaka ndinamva mawondo akulira. Ndinawapeza mayi aja kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Atandiona anaika mpeni pansi.

"Ndinadziwa kuti mubwera," anatero tisanamalize n'komwe kupatsana moni. "Nkhope yanu tsiku lija inasintha. Nenani, madamu. Anapha munthu?"

"Iyayi."

Ndinawauza monga momwe bambo awo ananenera, osawonjezera, osachotsa. Ndinapepesanso chifukwa cha bodza langa. Anatola mpeni uja n'kupitiriza kusenda. Anasenda chinangwa chimodzi, chachiwiri, chachitatu.

"Ndiye ankanena zimenezo amayi ali pompo akuwasinjira?"

"Eya."

"Mwana wamkaziyo dzina anamutchula?"

"Sanatchule. Anangotchula phiri ndi mtsinje."

"Ine ndimadziyesa woyamba kubadwa," anatero. "Bambo ankandiitana kuti mayi wa pakhomo. Masiku ena ankakhala pansi pa mpeyala uwo kuyang'ana kum'mawa mpaka dzuwa kulowa, ife n'kumati atopa ndi ntchito ya ku esiteti." Anapukuta manja pachitenje. "Achimwene akamva sizikhala bwino. Koma ndiwauza."

Anandiperekeza mpaka pamsewu. Sitinalankhulenso za nkhaniyo, tinangokamba za mtengo wa feteleza ndi mvula imene inachedwa chaka chatha.

Mchimwene wawo anafika Lachisanu la sabata yomweyo. Anaimitsa lole pamsewu n'kulowa osagogoda, mwamuna wamtali, wa imvi za m'mbali. Moni anapereka, koma anakana kukhala.

"Amayi, ndabwera kudzatenga mawu a bambo anga."

"Achemwali anu tinapangana kuti adzabwereke sabata ya mwambo."

"Sindikubwereka. Ndikutenga."

Ndinayesa kufotokoza kuti bambo awo analankhula mwa kufuna kwawo, kuti ahedi anasonkhanitsa mawu amenewa kuti adzukulu a m'boma lino lonse adzadziwe kumene tinachokera, kuti kaseti ngati imeneyi palibenso kwina. Ndinkamva ndekha kuti ndikulankhula ngati anthu a galimoto zazikulu aja.

"Adzukulu a ndani?" anafunsa. "Munthu aliyense wodutsa pamsewu akhoza kulowa muno n'kumva kuti bambo anga anathawa ana awo? Inu bambo anu ali m'bokosimo?"

"Mulibe."

"Ndiye n'chifukwa chake. Ahediwo anatifunsa ife? Amayi anga anamwalira akudziwa kuti anali mkazi mmodzi yekha. Mukufuna aziseka pamanda awo?"

"Palibe amene angaseke, bambo. Amene anasiya anthu kutsidyako ndi ambiri."

"Ambiriwo akatenge makaseti awo. Ine ndikufuna yanga."

Sanakweze mawu. Ndinaona kuti nayenso sanagone masiku angapo. Panalibe pepala lililonse limene bambo awo anasainira, panalibe komiti yoti ndikaifunse, panalibe njira yokoperera mawuwo kwina. Panali ine ndekha, mayi wokalamba ndi tsache. Ndipo pansi pa mtima sindinkadziwa ngati iye ndi amene akulakwa. Ndinatsegula bokosi n'kumupatsa. Anaika kaseti m'thumba la malaya, n'kunena kuti zikomo, ndipo lole inalira. M'kope lija, pambali pa dzina la bambo awo, ndinalemba kuti yabwerera kwa eni.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kwa mkazi wa malemu ahedi kukawauza kuti ndataya chimodzi mwa zinthu za amuna awo, ndipo ngati akufuna atenge kiyi wawo. Anali akupeta mpunga. Sanasiye n'komwe kupeta.

"Ndimutengere kuti kiyiyo?" anatero. "Anzanu aja ankadziwa zimene zili m'makasetimo. Masiku ena ankabwera kuchokera kumidziko osafuna kudya. Mwina n'chifukwa chake ankazengereza kulemba."

Chiliza chinamangidwa. Ine sindinaitanidwe, ndipo ndinamva kwa anthu kuti mwambo unayenda bwino, kwaya inaimba, mawu a pa wayilesi kunalibe. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo.

Mvula yoyamba itagwa, mayi aja anabweranso. Anali ataonda. Anati kaseti achimwene awo anapita nayo ku Blantyre, ndipo akafunsidwa amangoti ili pabwino. Kaya anaisunga, kaya anaitaya m'chimbudzi, iwo sadziwa.

"Ndikufuna mundilembere phiri lija ndi mtsinje uja," anatero.

Apa ndi pamene ndinadziona kuchepa. Ndinali nditamva mayinawo kawiri kokha, pa tepi yochedwa kuzungulira, m'chilankhulo chimene ndimachimva mwatheka. La mtsinje ndinkalikumbukira. La phiri ndinali ndi mayina awiri ofanana m'mutu, osadziwa lenileni. Ndinalemba onse awiri pakapepala, n'kuwauza kuti sindikutsimikiza.

Anapitadi kutsidyako kukafunafuna abale awowo. Anawolokera pa Muloza ndi chitupa cha tsiku limodzi, koma anakhalako masiku anayi, akugona kwa anthu a mpingo. Anadzandifotokozera atabwerako. Mtsinje anaupeza, koma ndi wautali, midzi yake yosawerengeka. Mapiri a mayina onse awiri aliko, lina kumpoto lina kum'mawa. Ankafunsa ndi dzina lakale la bambo awo, kudzera mwa mayi wina wogulitsa matemba amene ankamva Chichewa. Nkhalamba ina inati inamvapo za mkazi amene mwamuna wake anapita ku tiyi osabwerako, koma inawonjeza kuti akazi otere m'mudzi uliwonse analimo. Nthawi ya nkhondo anthu anabalalika, ena anafera m'tchire, ena anathawira kuno komwe.

"Mwina achemwali angawo ndinathyola nawo tiyi mzere umodzi," anatero. "Mwina ndinakangana nawo pasikelo." Anaseka pang'ono, kuseka kotopa. "Basi, madamu. Ndayesa. Miyendo yatha."

Sindinawaonenso kuyambira tsiku limenelo.

Zimenezi zitachitika ndinagula makope ndi mabatire n'kuyamba kumvera makaseti otsalawo, imodziimodzi, kulemba m'Chichewa zimene ndikumva. Pamene sindinamve ndimasiya mpata. Masamba ena mipata imachuluka kuposa mawu. Nthawi zina ndimanyamula mawu ovutawo kupita nawo kwa mayi wina wokalamba wa mumpingo mwathu amene Chilomwe anayamwira, koma makutu awo akutha, ndiye ndimachita kukuwa mawu amene sindidziwa katchulidwe kake, iwo n'kumandiseka. Matepi ena amaduka akangoyamba kuzungulira, ndimalumikiza ndi selotepi. Ena anamatirirana ndi chinyezi moti sangamasukenso. Kaseti imodzi imanditengera sabata zitatu, ndipo bokosi silikuoneka kuchepa.

Zambiri zimene nkhalambazo zikunena n'za njala, za ulendo, za akapitawo ankhanza ndi abwino omwe, za nyimbo zimene ankaimba pothyola tiyi. Koma pafupifupi kaseti iliyonse ili ndi malo pamene munthu amatsitsa mawu. Ndapeza wina amene anaba mbuzi ya mlamu wake kuti apeze kamba wa paulendo, ndi mayi amene anakwirira mwana m'mbali mwa njira osauza mwamuna wake kuti panali pati. Ndikafika pamalo otere ndimalemba, kenaka ndimapinda tsambalo n'kulimata. Sindidziwa amene adzalimatule, kapena ngati ndikuchita bwino kulemba kumene. Palibe amene anandiphunzitsa ntchito imeneyi.

Mwezi wathawu, ndili mkati molemba, kunalowa akuluampingo awiri ndi chingwe choyezera. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti ndisadzivute kuimirira. Mpingo ukufuna kutsegula sukulu ya mkaka, ndipo akuyang'ana chipinda chimene chingakwane ana makumi atatu. Mmodzi anagwira chingwe pakhomo, mnzake anadutsa nacho pamwamba pa mutu wanga mpaka kukhoma la mashelefu.

"Nanga katunduyu?" ndinafunsa.

"Sitinagamule kanthu, madamu. Tikungoyeza. Tidzakudziwitsani."

Anayeza m'litali ndi m'lifupi, anagogoda khoma pamene chiswe chinadya, n'kulemba manambala awo kuseri kwa envelopu ya chopereka. Atatuluka ndinatsegulanso wayilesi, koma mabatire anali atafooka, mawu a nkhalambayo akukokeka ngati munthu woledzera. Ndinatseka kope, ndinasuntha beseni kuliika pamene padonthe mvula ikabwera, ndipo ndinakhoma chitseko nthawi isanakwane. Kunyumba kunali nyemba zoti ndisankhe.